Malo Atha? Musanafufute Fayilo, Dziwani Kaye Zimene Sync Imachita

Foni ikalemba kuti malo atha, ambirife timathamangira chinthu chimodzi: kutsegula mafoda n'kuyamba kufufuta chilichonse chooneka chachikulu. Nthawi zina zimathandiza. Koma nthawi zina mawa lake mupeza kuti manotsi amene anali pa kompyuta asowanso, chonsecho kompyutayo simunaigwire n'komwe. Si ufiti umenewu. Ndi ntchito ya chinthu chotchedwa sync, kutanthauza kugwirizanitsa zimene zili pa zipangizo ziwiri kapena zingapo kuti zizifanana.

Kuti timvetse bwino, titenge pulogalamu imodzi yotchedwa Zotero. Inapangidwa pa George Mason University ku Virginia, m'dziko la America, ndipo inatuluka mu 2006. Ndi yaulere. Ofufuza ndi ophunzira a ku yunivesite amaigwiritsa ntchito posunga mndandanda wa mabuku ndi nkhani zimene awerenga, kuti polemba lipoti asavutike kukumbukira kuti mfundo yakutiyakuti anaitenga kuti. Amene mudzafike ku yunivesite mudzakumana ndi mapulogalamu a mtundu umenewu. Ndaisankha chifukwa imalekanitsa poyera zinthu ziwiri zimene foni imatiphatikizira pamodzi.

Ganizirani laibulale. Muli mabuku pa mashelefu, komanso muli kaundula kapena makhadi olembedwa dzina la buku, wolemba wake, chaka chimene linatuluka ndi pamene lili. Khadi si buku. Makhadi 500 mutha kuwanyamula m'kathumba, koma mabuku 500 afuna ngolo. Zotero nayo imasunga zonse ziwiri: khadi, pamodzi ndi manotsi amene mwalembapo, ndiponso fayilo yeniyeniyo, imene kawirikawiri imakhala PDF. Makhadi ndi manotsi imakusungirani pa intaneti popanda malire ndiponso popanda kulipira. Mafayilo ayi: imakupatsani 300 MB yokha yaulere, kupyola apo mulipire. Bwanji kuwolowa manja mbali imodzi, mbali inayi n'kuumira? Yankho lili m'masamu, ndiye tengani cholembera.

Kompyuta imasunga chilichonse m'timagawo totchedwa mabiti, ndipo mabiti 8 amapanga bayiti imodzi. Chilembo wamba, monga a kapena m, chimadya bayiti imodzi. Chilembo chathu chija cha ŵ chimadya mabayiti awiri, moti mawu akuti Malaŵi ali ndi zilembo 6 koma mabayiti 7. Tinene kuti khadi limodzi lili ndi zilembo 1,000. Ndiye kuti ndi pafupifupi 1 KB. Mu 300 MB muli ma KB pafupifupi 300,000, choncho mungakwane makhadi 300,000. Palibe munthu angawerenge mabuku ochuluka chotere, ngakhale atakhala wosagona.

Tsopano tione tsamba limodzi la A4 lojambulidwa ndi sikana. Kwa kompyuta, tsamba lotere si zilembo ayi, ndi chithunzi, ndipo chithunzi ndi timadontho. Sikana ikamajambula madontho 300 pa inchi iliyonse, tsambalo limakhala ndi madontho 2,480 m'lifupi ndi 3,508 m'litali. Chulukitsani: ndi madontho oposa 8.6 miliyoni. Ngati ndi lamitundu, dontho lililonse limafuna mabayiti atatu, imodzi ya kufiira, ina ya kubiriwira, ina ya buluu. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 26 MB. Tsamba limodzi basi! Mwamwayi mapulogalamu amapanikiza zithunzi kuti zichepe. Tingoyerekeza kuti latsika kufika pa 500 KB. Buku la masamba 200 lidzakhala 100 MB, ndipo mabuku atatu okha adzamaliza malo onse aulere aja. N'chifukwa chake mapepala a mayeso akale a MSCE ojambulidwa ndi kamera, amene mumatumizirana pa WhatsApp, amadzaza foni msanga kuposa manotsi otayipidwa. Munthu wofufuta makhadi 500 pofuna malo wangopulumutsa malo a tsamba limodzi, koma wataya ntchito ya miyezi.

Nanga sync imalowa pati? Mukatsegula akaunti, zimene muli nazo zimakopedwa kupita ku seva, imene ndi kompyuta yaikulu ya eni pulogalamuyo. Anthu amati zili mumtambo, koma kumwamba kulibe kanthu. Ndi makina ali m'nyumba inayake, akudya magetsi ngati ena onse. Mukasintha chinthu pa laputopu, sevayo imauzidwa, ndipo iyo imauza foni. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika: kufufuta nakonso ndi kusintha. Seva siidziwa kuti mwafufuta mwadala kapena chala chaterereka. Imangomvera.

A Fomu 2 mukukumbukira galasi loyang'anira nkhope. Mukakweza dzanja, chithunzi chikweza. Mukachokapo, nacho chichoka. Sync ili choncho. Kusunga kope lapadera, kumene ena amati bakapu, kuli ngati kujambulitsa chithunzi kwa wojambula: ngakhale mutameta mawa, pa chithunzipo tsitsi likhalabe. Munthu amene ali ndi zinthu zake pa zipangizo zitatu zogwirizanitsidwa amadziona ngati ali ndi makope atatu. Foni ikabedwa, n'zoona, apulumuka. Koma akafufuta molakwitsa, ali ndi kope limodzi lokha ndi magalasi awiri.

Chitetezo chilipo pang'ono. Zimene mwafufuta mu Zotero zimapita kaye ku dzala, kumene pulogalamuyo imakutcha Trash, ndipo zimakhalako masiku 30 zisanachotsedweretu, pokhapokha mutasintha nambalayo. Ubwino wake ndi woti mutha kukatolanso. Kuipa kwake ndi koti zikadali ku dzalako zikudyabe malo. Ndiye mukafufuta PDF yaikulu koma malo osawonjezeka, pulogalamu sinawonongeke. Khuthulani dzalalo, kenako mulole sync ichitike kuti seva imve.

Musanachite chilichonse, dzifunseni kuti malo atha kuti. Pa chipangizo chanu, kapena pa seva? Awa ndi matenda awiri osiyana, mankhwala akenso ndi osiyana.

Ngati vuto lili pa chipangizo, Zotero imakulolani kusankha kuti mafayilo azitsika onse pa nthawi ya sync, kapena izitsika yokhayo imene mwaitsegula. Njira yachiwiriyi ndi yabwino kwa ife ogula bandulo ya tsiku limodzi, chifukwa makhadi onse mumawaona, koma buku limabwera mukalifuna. Dziwani kokha kuti fayilo imene simunaitsitse simungaiwerenge netiweki ikasowa. Usiku woti mawa ndi mayeso si nthawi yotulukira zimenezi.

Ngati ndi seva yadzaza, choyamba musachite mantha. Malo aulere akatha palibe chimene chimafufutidwa. Mafayilo atsopano amangoleka kukwera, pamene makhadi akupitirizabe kuyenda. Pa webusaiti ya Zotero pali batani lochotsera mafayilo anu onse pa seva n'kusiya makhadi. Batanili ndi lothandiza, koma ndondomeko yake isasokonekere. Yambani mwatsimikiza kuti fayilo iliyonse yatsika pa kompyuta yanu, makamaka ngati munasankha njira ija yotsitsa imodziimodzi, chifukwa mwina ena mwa mabukuwo ali pa seva pokha. Tsekani pulogalamuyo n'kukopera foda yonse ya Zotero pa fulashi. Kenako zimitsani sync ya mafayilo. Mukapanda kutero kompyuta idzaona kuti seva ili mbee, n'kuyamba kukwezanso zonse ndi bandulo yanu. Mukatero ndiye dinani batani lija.

Pali nzeru ina imene imaoneka yochenjera koma ndi msampha. Wina amati: Google imapereka 15 GB yaulere, bwanji ndingoika foda yonse ya Zotero mu Google Drive kapena Dropbox? Eni ake a Zotero amachenjeza kuti musatero. Makhadi anu onse amakhala mu fayilo imodzi yotchedwa zotero.sqlite, imene pulogalamuyo imalembamo nthawi ndi nthawi ikamagwira ntchito. Dropbox siidziwa zam'kati mwa fayiloyo. Imangoinyamula yonse, mwina kulemba kuli pakati. Zili ngati anthu awiri kulemba m'kaundula mmodzi, wachitatu n'kumawatsomphola kukachita fotokope. Mapeto ake kaundulayo sawerengeka. Sync ya Zotero yeniyeni imayang'ana khadi lililonse palokha, ndipo ikapeza kuti malo amodzimodzi a khadi asinthidwa mosiyana pa makompyuta awiri, imakuonetsani zonse ziwiri kuti musankhe nokha. Kuno kumene magetsi ndi netiweki zimatha kuchoka ntchito ili m'kati, zotere zimachitika ndithu.

Mwina mukuti, aphunzitsi, ife Zotero tilibe. Chabwino, koma ambiri muli ndi Google Photos. Ngati zithunzi zanu zimakwera ku akaunti, kufufuta chithunzi m'pulogalamuyo kumachichotsa pa foni ndi pa seva pomwe. Batani lolembedwa kuti Free up space ndi limene limachotsa pa foni pokha zithunzi zimene zinakwera kale. Mabatani awiriwa ali m'pulogalamu imodzi, ndipo onse amawonjezera malo pa foni, koma limodzi limasiya chithunzi cha agogo chili bwinobwino pa seva, linalo limachitumiza ku dzala. Kumbukiraninso kuti 15 GB ija imagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, moti mavidiyo akachuluka, makalata amaleka kulowa, kuphatikizapo kalata imene mwakhala mukuidikira.

Kantchito ka kunyumba aka. Mwana wasukulu ali ndi mafayilo okwana 280 MB pa laputopu, ndipo wayatsa sync yotsitsa zonse pa kompyuta ina yachiwiri. Zipangizo zonsezi zikugwiritsa ntchito bandulo imodzi ya 500 MB. Kodi bandulo imukwanira? Musaiwale kuti kukweza nakonso kumadya bandulo, osati kutsitsa kokha.