Ana athu akufuna kuyesa ReactOS: kodi "alpha" n'chiyani?



Teremu ino ophunzira a kalabu ya makompyuta anabwera ndi pempho loti ayese pulogalamu yotchedwa ReactOS mu labu yathu. Nkhaniyi itamveka, makolo ena ndi a komiti ya mzikiti anafunsa ngati makompyuta amene anagulidwa ndi zopereka za Asilamu sawonongeka. Ena, atamva kuti ReactOS ndi yaulere komanso imaoneka ngati Windows, anati bwanji osangoiika pa makompyuta onse, nkhani ithe. Mafunso awiriwa yankho lake lagona pa liwu limodzi limene eni ake a ReactOS amalemba poyera pa ntchito yawo, loti alpha.

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayamba kudzuka mukangoiyatsa. Ndi imene imamva mukadina kiyibodi, imajambula zinthu pa sikirini, imasunga mafayilo, ndipo imapatsa malo mapulogalamu ena ngati Word kuti agwire ntchito. Dzina lake ndi operating system. Windows ndi imodzi, Android ya m'mafoni athu ndi ina. Malamulo amene Windows inalembedwa nawo amasungidwa ndi kampani ya Microsoft, ife timangogwiritsa ntchito. Koma pali mapulogalamu ena otchedwa open source, amene malamulo ake onse ali poyera moti aliyense angathe kuwawerenga, kuwakonza ndi kugawira anzake. Linux ndi chitsanzo chodziwika bwino. Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ku Helsinki, ndipo yoyamba imene anatulutsa inali ndi nambala 0.01. Lero Android imayenda pa Linux yomweyo.

ReactOS nayo ndi open source, koma cholinga chake n'chovuta kwambiri. Ntchitoyi inayamba mu 1996 ndi dzina loti FreeWin95, n'kusintha kukhala ReactOS mu 1998. Amene amailemba akufuna kuti mapulogalamu ndi ma driver opangidwira Windows azigwira ntchito popanda Windows yeniyeniyo. Saloledwa kukopera malamulo a Microsoft, choncho amalemba okha kuyambira pachiyambi, poona mmene Windows imachitira zinthu. Zili ngati telala amene akusoka mkanjo pongoyang'ana wovala mnzake, osaloledwa kuumasula kuti aone mmene unadulidwira. Windows imene iwo amatsanzira kwambiri ndi Windows Server 2003, ya m'badwo umodzi ndi Windows XP, ndipo mbali zina amagawana ndi ntchito ina yotchedwa Wine. Mu Malichi 2025 anatulutsa ReactOS 0.4.15. Onani kuti nambalayo sinafikebe pa 1.

Alpha ndi chilembo choyamba cha Chigiriki, beta ndi chachiwiri. Opanga mapulogalamu anabwereka maina amenewa potchula magawo a ntchito yawo. Pa alpha, zinthu zina sizinalembedwe n'komwe ndipo zimene zilipo zikhoza kugwa nthawi iliyonse. Pa beta, zambiri zimakhala zilipo, chotsala ndi kusaka zolakwika. Kenako m'pamene pulogalamu imatulutsidwa kuti anthu aidalire. Ulendowu sufupika. Haiku, imene ndi operating system inanso ya open source, inatulutsa alpha yoyamba mu 2009 ndipo beta inadzabwera mu 2018. ReactOS yatha zaka zoposa 25 idakali pa alpha. Si ulesi ayi. Ambiri amene amailemba ndi ongodzipereka, amaigwira akaweruka kuntchito zawo, pamene mitundu ya makompyuta ndi zipangizo zimene Windows imazindikira ndi yosawerengeka.

Pa kompyuta yeniyeni alpha imaoneka motere: mawu satuluka chifukwa sinazindikire sound card, Wi-Fi osaoneka, pulogalamu imatseguka kenako n'kuuma, mwina sikirini yonse n'kusanduka yabuluu. Zimenezi n'zopirika. Choopsa ndi mafayilo. Operating system yosamalizidwa ikhoza kusokoneza zimene zili pa hard disk, ndipo munthu amene akuiika akhoza kusankha gawo lolakwika la disk n'kufufuta zonse m'masekondi ochepa. Kompyuta ya mu ofesi imasunga maina a ophunzira, malisiti a fizi ndi zotsatira za mayeso. Imeneyo ndi amaana imene makolo anatisungitsa, ndipo palibe amene adzailowetse fulashi ya ReactOS.

Funso la makompyuta akale ndi lenileni, sindikulikana. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna chipangizo cha TPM 2.0 chimene makina ambiri akale alibe. Koma yankho la vuto limenelo ndi Linux yokhwima ngati Linux Mint kapena Debian, ndipo nkhani imeneyo tidzaibweretsa ku komiti payokha. ReactOS ndi yophunzirira, si yogwirira ntchito ya sukulu.

Kuyesako tidzachitira mu VirtualBox. Iyi ndi pulogalamu imene imapanga kompyuta yongoyerekeza mkati mwa kompyuta yeniyeni. ReactOS imaona ngati ili ndi hard disk yakeyake, pamene hard disk imeneyo ndi fayilo imodzi chabe. Ikawonongeka timaifufuta n'kuyambanso, Windows ya pa makinawo osakhudzidwa. VirtualBox imathanso kusunga mmene zinthu zilili pa nthawi inayake, chimene amati snapshot, moti wophunzira akasokoneza amabwerera pomwe anali. ReactOS 0.4.15 imabwera m'mitundu iwiri: LiveCD, imene imangoyenda osaikidwa pa disk, ndi BootCD, imene ndi yoikira. Tidzayamba ndi LiveCD. Ofuna kuona mmene imachitira pa makina enieni adzagwiritsa ntchito kompyuta imodzi yakale imene ilibe fayilo ya munthu aliyense. Mkati mwa ReactOS palibe kulemba password ya imelo, ya Facebook kapena ya kubanki, chifukwa chitetezo chake sichinakhwime.

Inu ophunzira, apa mumvetsetse. Mukaona kuti zayenda bwino mu labu, musakaike pa laputopu ya bambo kapena ya achemwali anu kunyumba. Zithunzi zaukwati ndi makalata a ntchito zikafufutika sizibwerera chifukwa chopepesa.

Mbali imene ine ndikuiona yaphindu kwambiri ndi yolemba lipoti. Alpha imatulutsidwa n'cholinga choti anthu aipeze zolakwika, ndipo woyesa amene wapeza cholakwika n'kukhala chete sanathandize aliyense. Komanso kungolemba kuti "sizikugwira" n'chimodzimodzi kupita kuchipatala n'kungonena kuti ndikudwala. Lipoti labwino limatchula nambala ya ReactOS imene mukuyesa, makina amene mukugwiritsa ntchito, zimene munadina motsatana kuyambira choyamba, zimene mumayembekezera, ndi zimene zinachitika. Musanalembe, bwerezani kawiri kapena katatu kuti muone ngati vutolo limabwera nthawi zonse. Yesaninso pulogalamu yomweyo pa Windows yeniyeni, chifukwa ikagwa kumenekonso ndiye kuti mlandu si wa ReactOS. Jambulani sikirini. ReactOS imalembanso zimene zikuchitika mkati mwake, zotchedwa debug log, ndipo imazitumiza kudzera pa serial port. VirtualBox imatha kuzilandira n'kuzisunga mu fayilo, ndipo kwa okonza fayilo imeneyi ndi yamtengo kuposa chithunzi.

Malipoti a ReactOS amalembedwa m'Chingerezi pa malo awo otchedwa JIRA. Choyamba mumafufuza ngati wina analemba kale vuto lomwelo. Mumayesanso pa ReactOS yaposachedwa imene amapanga tsiku ndi tsiku, poti mwina cholakwikacho anachikonza kale. Lipoti ndi umboni, choncho mumalemba zimene mwaona ndi maso anu, osaonjezera zongoganiza, osabisanso pamene inuyo munadina molakwika. Munthu amene adzaliwerenge ali kudziko lina, sakukudziwani, ndipo adzataya madzulo ake kutsata mapazi anu. Mukamunamiza ngakhale pang'ono, mwamusocheretsa. Yankho likhoza kuchedwa miyezi, kapena osabwera n'komwe, ndipo palibe chifukwa chokalipa kwa anthu amene sakulipidwa ndi ife. Wophunzira wa Fomu 3 amene angathe kulemba lipoti lotere sadzavutika kulemba za experiment ya Physics.

In shaa Allah tidzayamba Lachitatu likudzali tikatha Swala ya Asr. Fayilo ya ReactOS ndidzaitsitsa ndekha kamodzi kuti tisawononge bandulo ya sukulu, choncho wina asabwere ndi yake. Aliyense abwere ndi kope lapadera lolembamo zimene waona, ndipo lipoti lililonse lidzadutsa kwa ine lisanatumizidwe. Makolo ndi a komiti amene akufuna kudzaona ndi maso awo, khomo la labu lidzakhala lotsegula.