Matabwa Akale Pomanga Nyumba ndi Thandala ku Phalombe

Ku Phalombe anthu ambiri amamanga nyumba pang'onopang'ono. Chaka chino munthu aumba njerwa n'kuotcha uvuni, chaka chamawa akagulitsa nandolo kapena mpendadzuwa agula malata, zitseko ndi mazenera zibwera m'mbuyo. Matabwa nawo amadula kwambiri, chifukwa mitengo yocheka yachepa. N'chifukwa chake matabwa ochotsedwa pa nyumba yakale satayidwanso. Amagulidwa, amapemphedwa kwa achibale, ndipo kalipentala wodziwa ntchito amawakonda kuposa ena atsopano.

Thabwa lakale linauma kalekale, motero silipindika kapena kung'aluka likakhomedwa, pamene la bulugama wongocheka kumene limatha kupotoka chitseko n'kuyamba kukana kutseka. Komanso nyumba zina zakale za m'mphepete mwa phiri la Mulanje ndi la Michesi zili ndi matabwa a mkungudza, mtengo umene umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje pokha. Mkungudza umanunkhira, suwola msanga, ndipo chiswe sichiukonda. Unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi mu 1984, koma kudula mosaloledwa ndi moto wolusa zaumaliza, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango akubzala mbande, koma mtengowu umatenga zaka zambiri kuti ukhwime. Felemu la mkungudza la pa nyumba ya agogo silingapezekenso pamsika mwachilungamo, ndipo kuliwazira nkhuni n'kutaya chuma.

Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba zambiri m'boma la Phalombe mu Marichi 2023, makamaka kudera la Nkhulambe, zinaoneka kuti khoma la zidina limasungunuka ndi madzi koma zitseko, mafelemu ndi mitengo ya denga nthawi zina zimatsala. Kumene madzi sanakokolole zonse, zotsalazo zinali poyambira kumanganso.

Ntchito imayamba ndi kusankha. Thabwa amaligogoda ndi hamala: likalira ngati ng'oma ndiye kuti chiswe chinadya m'kati, ngakhale kunja likuoneka bwino. Likamatulutsa ufa m'timabowo ting'onoting'ono, muli anafumbwe, ndipo siliyenera kusakanizidwa ndi anzake. Misomali yonse iyenera kuzulidwa asanalipale, chifukwa msomali umodzi wobisika umabunthitsa mpeni wa puleni. Misomali yozulidwayo amaiwongolera pa mwala n'kuigwiritsanso ntchito. Penti wakale ndi bwino kumupala thabwa lili lonyowa ndiponso panja, kutali ndi ana, poti penti wina wakale amakhala ndi mtovu, umene fumbi lake limawononga thupi.

Nyumba ya khoma la matabwa okhaokha si yofala ku Phalombe monga zilili ku Mzuzu, kumene zidutswa zotsala pocheka paini wa ku Chikangawa, zotchedwa zigwagwa, zinapereka dzina ku msika wonse. Kuno matabwa amatchinga khitchini, bafa, okala, khola la nkhuku kapena mbuzi, ndi mbali ya khonde imene mvula imawomba. Malamulo ake ndi ochepa koma osaphwanyika. Thabwa lisakhudze dothi. Lizikhala pamwamba pa mizere iwiri kapena itatu ya njerwa zootcha, kuti chinyezi chisalowe ndiponso kuti njira ya chiswe izioneka ikamakwera. Pokhoma chopingasa amayambira pansi, thabwa lapamwamba n'kumaphimba mlomo wa lapansi, kuti madzi azitsetsereka osalowa. Denga lituluke mokwanira kupitirira khoma. Ambiri amapaka oilo wakutha wa galimoto pothamangitsa chiswe, ndipo amathandizadi, koma sayenera kupakidwa m'khitchini kapena pafupi ndi chitsime.

Zidutswa zazifupi, zokhota ndi zong'aluka zimathera ku dimba ndi kuseri kwa nyumba. Mbewu zoyanga monga kalongonda, amene Alhomwe amamukonda, nkhungudzu, zipwete ndi magalagadeya zimabereka bwino zikapeza pokwera. Zikayanga pansi, zipatso zimawola ndi chinyezi ndipo nkhuku zimajompha. Thandala lake ndi nsanamira zinayi kapena zisanu ndi imodzi zozikidwa mozama, mitanda pamwamba, kenaka nsungwi zong'amba zomangidwa ndi luzi kapena waya. Likhale lalitali moti munthu n'kudutsa pansi ali chilili pothyola. Mbali ya nsanamira yolowa pansi amaiwaula pamoto kuti ide, osati kuipaka oilo, chifukwa oiloyo amawononga nthaka imene mbewu zikudya. Matabwa a penti wakale nawonso asayandikire ndiwo zamasamba.

Thandala loikidwa kumadzulo kwa nyumba limatchinga dzuwa la mu Okutobala, lomwe ku chigwa cha Phalombe limaotcha kwambiri. Koma lisagundane ndi khoma kapena denga, chifukwa mbewu zikakwera pa malata zimasunga chinyezi ndi kubisa chiswe. Mpata woti munthu n'kudutsa pakati ndi wokwanira, ndipo nsanamira ziziyenderedwa mvula isanayambe, yowola n'kuisintha kalongonda asanalemere.