Chikhristu Chooneka ndi Maso: Umboni wa Makhalidwe m'Mbiri ya Mpingo

Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 adaonetsa kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 77 amadzitchula kuti ndi Akhristu, ndipo mwa iwowa 17 ndi Akatolika pamene 14 ndi a mpingo wa CCAP. M'dziko lotere, momwe ulaliki umamveka pa wailesi, m'basi, pamsika ndi pa maliro alionse, munthu woti sadamvepo dzina la Yesu ngosowa, choncho ntchito yaikulu imene yatsalira mpingo ndi yoonetsa anthu kuti zimene akhala akumvazo nzoona. Akatswiri a zaumulungu amasiyanitsa ulaliki, komwe ndi kulengeza uthenga ndi pakamwa, ndi umboni wa moyo, womwe ndi makhalidwe a wokhulupirira monga momwe anansi ake amawaonera tsiku ndi tsiku, ndipo mbiri ya mpingo ikusonyeza kuti kawirikawiri umboniwu ndi umene wakhala ukulambulira njira ulaliki.

Mu ufumu wa Aroma mudagwa miliri iwiri yoopsa, wina kuyambira m'chaka cha 165 ndipo wina cha m'ma 251, ndipo Dionysius, yemwe adali episikopi wa mzinda wa Alexandria, adalemba kuti pamene anthu ambiri ankathawa abale awo odwala, Akhristu ankatsala kuwadwazika ndi kuika maliro, mpaka ena mwa iwo kutenga matendawo ndi kumwalira. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Rodney Stark, adafotokoza m'buku lake la m'chaka cha 1996 kuti chisamaliro wamba, monga kumwetsa wodwala madzi ndi kumudyetsa, chidapulumutsa anthu ochuluka, ndipo opulumukawo adayamba kumamatira kwa amene adawasamalira. Ngakhale mfumu Julian, imene inkafuna kubwezeretsa chipembedzo cha milungu ya Aroma, idadandaula m'kalata ya cha m'ma 362 kuti Akhristu akudyetsa osauka awo pamodzi ndi osauka a zipembedzo zina.

Kuno ku Malawi, amishoni a Livingstonia adafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, koma munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, adabatizidwa mu 1881, patatha zaka zoposa zisanu za ulaliki, sukulu ndi mankhwala. Nkhani yoyenera kuimapo kwambiri ndi ya William Koyi, Mxhosa wophunzira pa sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene adabwera m'dziko muno mu 1876 pamodzi ndi anzake atatu. Koyi sadapite patali ndi maphunziro, ndipo podzipereka adanena yekha kuti luso lake ndi lochepa koma angathe kuwaza nkhuni ndi kutunga madzi. Popeza chilankhulo chake chidali pa ubale ndi Chingoni, iye ndi amene adakakhazikika pa Njuyu mu 1882 pakati pa Angoni a Inkosi M'mbelwa. Mafumu ndi nduna adakana kuti sukulu zitsegulidwe poopa kuti anyamata ophunzira adzasiya nkhondo, motero kwa zaka zinayi Koyi adalibe sukulu ngakhale mpingo. Chimene adali nacho chidali kukhala pakati pa anthu, kucheza nawo pabwalo, kulemekeza mwambo wa kwa mfumu ndi kupirira ziopsezo popanda kubwezera. Chilolezo chotsegula sukulu chidabwera mu 1886, chaka chomwe iye adamwalira, ndipo Angoni oyamba kubatizidwa, Mawelera Tembo ndi Makara Tembo, adabatizidwa mu 1890. Mabuku ambiri a mbiri amatamanda amishoni Robert Laws ndi Walter Elmslie, koma nkovuta kuona momwe azunguwa akadalandiridwira kwa M'mbelwa pakadapanda munthu amene Angoni adayamba amuyesa kwa zaka, namupeza kuti ngokhulupirika.

Masiku ano gawo lalikulu la umboni wotere lili m'manja mwa amayi. Mu CCAP muli magulu a amayi otchedwa Chigwirizano mu sinodi ya Nkhoma, komwe gululi lidakhazikitsidwa mu 1940, Mvano mu sinodi ya Blantyre ndi Umanyano mu sinodi ya Livingstonia, ndipo ntchito yawo imaonekera bwino pakagwa zovuta. Uthenga wa maliro ukangomveka, amayiwa amafika pasiwa atavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, ena atasenza nkhuni, ena kabeseni ka ufa, ndipo pamene ena akuchezera kuimba m'nyumba momwe mwagona thupi, ena amakhala kuseri akusonkhezera moto, kutereka madzi ndi kuvundula nsima m'miphika ikuluikulu utsi uli m'maso. Namfedwa sakumbukira zambiri zimene mlaliki adanena kumanda, koma saiwala mayi amene adamugwira mkono popita kukaponya dothi, kapena amene adabweranso patatha sabata anthu onse atabalalika, kudzamusesera pakhomo. Isabel Apawo Phiri, m'kafukufuku wake wa m'chaka cha 1997 wokhudza amayi a Chichewa mu mpingo wa Chipresibeteriya, adaonetsa kuti Chigwirizano chidapatsa amayi mpata wotumikira ndi kutsogolera pa nthawi imene maudindo a mpingo adali a amuna okhaokha. Apa mpofunika kunena mosabisa kuti katundu ameneyu wawalemera amayi mopitirira muyeso, chifukwa abambo ambiri amaona ngati kuzonda odwala ndi kutonthoza ofedwa si ntchito yawo.

Mpingo wa Katolika udatsata njira yofanana kudzera m'miphakati, yomwe m'madera ena imatchedwa malimana, kutanthauza timagulu ta mabanja oyandikana amene amakumana m'makomo kuwerenga Mawu a Mulungu, kupemphera ndi kukambirana mavuto a m'dera lawo. Episikopi Patrick Kalilombe wa dayosizi ya Lilongwe adatsogolera msonkhano wa dayosiziyo kuyambira mu 1973 mpaka 1975 umene udaika miphakati pamtima pa moyo wa mpingo, ndipo mu 1976 bungwe la maepisikopi a kum'mawa kwa Africa la AMECEA lidagwirizana kuti imeneyi ikhale njira yaikulu ya utumiki m'chigawo chonse. Ganizo lake lidali lakuti mpingo uzipezeka kumene anthu amakhala, kumene Mkhristu sangabise khalidwe lake chifukwa anzake a mumphakati ndi omwewo amene amatunga nawo pa mjigo umodzi.

Komabe pamaliro ndi pamatenda si pamene umboni umavuta kwenikweni, pakuti ulemu wa pamudzi umakakamiza kale aliyense kuthandiza. Umavuta pamene pali ndalama. Wogula mbewu amene wapotoza sikelo kuti thumba la soya la makilogalamu 50 lizioneka lopepuka, wogulitsa ufa amene waphwanyira mkati pansi pa mbale yoyezera, wobwereketsa ndalama za katapila amene walanda mbuzi ya mayi wamasiye, kalaliki wa mu ofesi amene sasuntha fayilo popanda kangachepe, onsewa akakhala kuti Lamulungu amakhala pa benchi ya kutsogolo, anthu amaweruza mpingo wonse kudzera mwa iwo. Kalata ya Yakobo, imene imatsutsa chikhulupiriro chosatsagana ndi ntchito, imadzudzulanso mwachindunji olemera obera antchito a m'minda malipiro awo, nkhani imene mwini munda aliyense wolemba aganyu ayenera kuimvetsa.

Palinso ngozi ziwiri zimene zimaononga umboni ngakhale wa anthu ochita zabwino. Yoyamba ndi kuchita chifundo pofuna kuonekera, monga pamene thandizo la matumba ochepa a ufa liperekedwa ndi makamera ochuluka, wolandirayo nachititsidwa manyazi pagulu. Yachiwiri ndi kusandutsa thandizo kukhala nyambo, kuti wosauka alandire pokhapokha atalowa mpingo wa woperekayo, khalidwe limene limabala mamembala a m'kaundula koma limapha chikhulupiriro, makamaka m'maboma ngati Mangochi ndi Machinga komwe Akhristu amakhala limodzi ndi Asilamu ambiri amene amaona msanga ngati chikondicho chili ndi mtengo wake. Izi sizikutanthauza kuti mawu alibe malo, pakuti kalata yoyamba ya Petro imalangiza okhulupirira kukhala okonzeka kufotokoza chiyembekezo chawo mofatsa ndi mwaulemu akafunsidwa, zimene zikusonyeza kuti funso limayembekezeka kuchokera kwa munthu amene waona kanthu.

Nkhani imene ikuvutitsabe mipingo yambiri ndi ya maliro a Mkhristu amene adadulidwa, ndiye kuti adaimitsidwa kudya mgonero chifukwa cha mlandu, kapena amene adatsalira m'mbuyo pa zopereka. M'mipingo ina akuluampingo amalamula kuti maliro otere asaimbidwe, ponena kuti mwambo wa mpingo uyenera kusungidwa kuti amoyo atengerepo phunziro, pamene ena amatsutsa kuti chilangocho chimagwera mkazi ndi ana a malemuyo, omwe sadalakwe kanthu, pa tsiku limene mudzi wonse, kuphatikizapo osapemphera, wasonkhana ndi kupenyetsetsa chimene mpingo uchite.