Sitima zinalipo, katundu analipo, koma zipata zinatsekeka

Lachiwiri pa 27 June 2017, malole onyamula makontena anandandalika pamzere wautali kunja kwa doko la Elizabeth ku New Jersey, m'dziko la America. Chipata sichinkatseguka. Makina onyamulira katundu anali abwinobwino ndipo ogwira ntchito anali atafika, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti kontena iyi ndi ya yani, muli chiyani, nanga ikwere sitima iti.

Makompyuta a Maersk, kampani ya ku Denmark yomwe panthawiyo inali yaikulu kuposa zonse zonyamula makontena panyanja, anali atazima. Pulogalamu yowononga yotchedwa NotPetya inabisala mu M.E.Doc, pulogalamu yomwe makampani a ku Ukraine amagwiritsa ntchito pa nkhani za misonkho. Inalowera pa ofesi ya Maersk ku Odessa n'kufalikira m'maofesi ake padziko lonse. Mwa madoko 76 omwe nthambi yake ya APM Terminals inkayendetsa, 17 anaima.

Chinaimitsa ntchito n'chiyani popeza palibe chitsulo chinathyoka? Yankho lili m'mene kontena imayendera.

Wamalonda wotumiza tiyi wa ku Thyolo kunja amayamba ndi kupempha malo m'sitima. Pempholo likalowa mu kompyuta, kontena imalembedwa ndi nambala yake, kulemera kwake, zomwe zili m'kati ndi komwe ikupita. Lole ikafika pachipata cha doko, kaya ku Beira kapena ku Nacala, kalaliki amayang'ana nambala yomweyo. Woyendetsa makina amauzidwa pomwe aiike pabwalo. Wokonza kasanjidwe ka m'sitima amaonetsetsa kuti zolemera zikhale pansi, ndiponso kuti katundu wotsikira pafupi asapsinjidwe ndi wopita kutali. Ku ofesi ya zachuma, nambala yomweyo imatulutsa chikalata cholipiritsa. Anthu onsewa mwina sanaonanepo, koma amawerenga buku limodzi.

Ganizo loti chinthu chilembedwe kamodzi n'kuoneka paliponse ndi lomwe linakulitsa kampani ya SAP, yomwe anthu asanu ochokera ku IBM anaiyambitsa ku Germany mu 1972. Mapulogalamu otere, omwe amadziwika kuti ERP, amalumikiza ogula zipangizo, osunga katundu, ogulitsa ndi owerengera ndalama. Thumba limodzi likatuluka m'nyumba yosungiramo katundu, wogula zipangizo amaona kuti zachepa, ndipo wowerengera ndalama amaona ngongole ya kasitomala nthawi yomweyo.

Ku Maersk kulumikizana kotereku kunaduka m'tsiku limodzi. Ogwira ntchito anayamba kulandira maoda pa WhatsApp ndi pa Gmail yawoyawo, ena n'kumalemba papepala. Sitima zinkayendabe panyanja, koma zikafika padoko mndandanda wa zomwe zanyamula unkasowa powerengera.

Akatswiri mazanamazana anasonkhana ku Maidenhead, pafupi ndi London, kuti amangenso zonse. Kumeneko anakumana ndi vuto loopsa. Makompyuta osunga mayina a ogwira ntchito ndi zilolezo zawo, omwe popanda iwo palibe angalowe mu pulogalamu iliyonse, anali atafufutika onse pamodzi, chifukwa ankakoperana okhaokha. Anafufuza ofesi ndi ofesi mpaka anapeza imodzi yotsala kuzambwe kwa Africa. Kumeneko magetsi anali atazima NotPetya isanafike, choncho kompyutayo inali itachoka pa intaneti. Zomwe zinali m'menemo anazinyamula pamanja, pandege, kupita nazo ku England.

Mu January 2018, pamsonkhano wa ku Davos, wapampando wa Maersk, Jim Hagemann Snabe, anafotokoza kukula kwa ntchitoyo. M'masiku khumi akatswiri aja anakonzanso maseva 4,000, makompyuta 45,000 ndi mapulogalamu 2,500. Kampaniyo inataya madola a ku America pakati pa 250 ndi 300 miliyoni. Iye anati katundu yemwe ananyamula anatsika ndi 20 peresenti yokha, chifukwa anthu anagwira ntchito ndi manja usana ndi usiku.

Maersk sinali yokha. Merck yopanga mankhwala, Mondelez yopanga zakudya ndi TNT Express ya FedEx nazonso zinataya ndalama zankhaninkhani. Mu February 2018, maboma a America ndi Britain ananena poyera kuti asilikali a Russia ndiwo anatumiza NotPetya pofuna kusokoneza Ukraine, koma Russia inakana.

Nkhondo ina inapitirira kukhoti. Makampani a inshuwalansi anakana kulipira Merck ponena kuti imeneyi inali nkhondo, koma makhoti a ku New Jersey anagamula mokomera Merck, ndipo mbali ziwirizi zinagwirizana kunja kwa khoti mu January 2024.