Ulova Sucotsa Ulemu wa Munthu

Kodi munthu wosowa nchito, amene alandira thandizo la ndalama kucokera ku boma, ayenera kungovomera ciliconse cimene akuluakulu amuuza? Mlandu wina wa ku Britain utiunikira pa funso limeneli.

M'caka ca 2011 Cait Reilly, mtsikana amene anatsiriza maphunziro a pa yunivesite, anauzidwa kuti akagwire nchito milungu iwiri yopanda malipiro m'sitolo ya Poundland, apo ayi amdulira thandizo lake. Nchitoyo anaigwira, koma pambuyo pake anakasumira boma. Mu 2013 bwalo lalikulu koposa m'dzikomo linagamula kuti, ngakhale cimeneci sicinali cibalo, boma linalakwa: malamulo ake sanalongosole bwino za nchito zoterozo, ndipo mtsikanayo sanapatsidwe cidziwitso comuyenera.

Papa Yohane Paulo II, m'kalata yace Laborem Exercens ya 1981, anatiphunzitsa kuti kucirikiza malova ndi udindo wocokera pa ufulu wa munthu aliyense wokhala ndi moyo.

Tsono ife Akristu tisamuyese wopemphetsa munthu wolandira thandizo. Ayenera kuuzidwa zoona, kumvedwa asanalangidwe, ndiponso kudandaula mopanda mantha. Nayenso analengedwa m'cifaniziro ca Mulungu.