Risiti ya kuchipatala isaulule chinsinsi chanu

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 19 amene bambo ake anamulembetsa pa inshuwalansi ya zachipatala ya kuntchito kwawo. Tsiku lina wapita kuchipatala cholipira kukalandira chithandizo cha matenda opatsirana pogonana, ndipo wayezetsanso magazi. Dokotala wamutsimikizira kuti zonse zathera m'chipinda momwemo. Patatha masabata angapo, kalata yofotokoza ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito yafika kwa mwini inshuwalansiyo, amene ndi bambo ake. M'kalatamo muli dzina la mtsikanayo, tsiku limene anapita kuchipatala ndi mankhwala amene analandira. Dokotala sanaulule kanthu, koma kunyumba nkhani yadziwika.

Chinsinsi chimatulukira pati?

Kuti chipatala cholipira chilandire ndalama zake, chimatumiza bilu ku bungwe la inshuwalansi. Biluyo imadutsa m'manja mwa wolandira ndalama, makalaliki ndi ogwira ntchito kubungweko. Uthenga ungathenso kupita pa foni ya kholo. Ngakhale mawu akuti HIV asalembedwe, dzina la mankhwala palokha likhoza kuulula matenda a munthu.

Wachinyamata amene akuopa zimenezi amasiya kupita kuchipatala. Ena amangogula mankhwala pamsika, ndipo matenda amakula.

Malamulo akuti chiyani?

Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapatsa aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kuulula zoti wina ali ndi kachilombo popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula. Limalolanso munthu wa zaka 13 kapena kuposerapo kuyezetsa magazi popanda chilolezo cha makolo. Ogwira ntchito mu ofesi ya ndalama nawonso ayenera kusunga chinsinsi ngati mmene amachitira namwino.

Mungachite chiyani?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanapereke khadi la inshuwalansi, funsani kuti pa bilu palembedwa zotani ndipo ipita kwa yani. Pemphani kuti mauthenga okhudza inu azibwera pa nambala yanu. Ngati simukukhutira, kumbukirani kuti m'zipatala za boma kuyezetsa magazi n'kwaulere, ndipo ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere kuyambira mu 2004, choncho palibe bilu yopita kunyumba. Risiti musaitaye paliponse. Ngati chinsinsi chanu chaululidwa, kadandauleni kwa mkulu wa chipatala kapena ku bungwe la Medical Council of Malawi.

Sitikunena kuti muzibisira makolo. Kuuza kholo kapena munthu amene mumamukhulupirira kumathandiza kwambiri, makamaka pa kumwa mankhwala mwandondomeko. Koma muwauze ndinu, pa nthawi imene mwakonzeka.

Kambiranani pa kalabu yanu: kodi mungamuthandize bwanji mnzanu amene makolo ake adziwa za matenda ake kudzera pa risiti?