Tizilombo tokolola feteleza m'madzi a zonyansa

Mlimi wa ku Mitundu kapena ku Nathenje ukamutchulira "23:21" safuna womasulira. Ndi feteleza wokulitsa, amene mtengo wake umamusowetsa tulo chaka ndi chaka. Nambala 21 ija ndi ya fosifeti, mchere wothandiza chimanga kuzika mizu, ndipo dziko lino limachita kuuitanitsa kunja.

Chimangacho chikakadyedwa mumzinda wa Lilongwe, fosifeti wambiri amatuluka ndi mkodzo komanso chimbudzi. Wina amatsalira m'zimbudzi zokumba, wina amayenda m'mipope mpaka ku maiwe a zonyansa a ku Kauma, kumene madzi ake amathira mumtsinje wa Lilongwe. Mtsinjewu ndi womwe uja wochokera m'nkhalango ya Dzalanyama, wodzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Ukadutsa mumzinda umakakumana ndi Linthipe, ulendo wa kunyanja ku Salima.

Fosifeti akalowa m'madzi amameretsa ndere ndi namasupuni. Zomerazi zikamaola zimatha mpweya, nsomba n'kumabanika. Ku South Africa vutoli linasandutsa damu la Hartbeespoort kukhala lobiriwira, ndipo ndi m'dziko lomwelo momwe katswiri James Barnard, m'zaka za m'ma 1970, anakonza njira yochotsera mcherewu m'madzi a zonyansa popanda kuthira mankhwala.

Antchito ake ndi mabakiteriya opezeka kale m'zonyansamo. Odziwika kwambiri amatchedwa Accumulibacter. Madzi oipa amayamba alowa m'thanki yopanda mpweya wa okosijeni. Mmenemo tizilombo tina tambiri timafooka, koma iti timameza timaasidi totuluka m'zonyansa zosasa n'kutisunga m'thupi. Mphamvu yochitira zimenezi timaipeza pophwanya fosifeti amene tinasunga kale, choncho pa gawo limeneli mcherewu umachita kuchuluka m'madzi. Wosadziwa angaganize kuti ntchito yalephereka.

Kenako madziwo amapita m'thanki yachiwiri, momwe makina amapoperamo mpweya mpaka kuchita thovu. Tizilombo tija timagaya chakudya tinasungacho, n'kuyamba kumeza fosifeti mwadyera, woposa amene tinalavula, ngati banja lomwe linaonapo njala likamadzaza nkhokwe. Madzi akadikha, timakhazikika pansi pamodzi ndi matope. Matope ena amabwezedwa koyamba kuja kuti ntchito ipitirire, ena amachotsedwa, fosifeti ali momwemo, ndipo angathe kukakhala feteleza kumunda.

Maiwe ngati a ku Kauma ndi otsika mtengo, chifukwa amadalira dzuwa, ndere ndi nthawi, koma fosifeti amachotsa wochepa. Njira ya matanki nayo ili ndi zofuna zake. Imalira magetsi osathimathima, pakuti mpweya ukasiya kulowa kwa nthawi yaitali tizilombo timalavulanso fosifeti uja. Matope ake ayeneranso kukonzedwa bwino asanapite kumunda, poti mumakhala mazira a njoka za m'mimba.

Zovutazi siziyenera kutigwetsa ulesi. Mzinda wa Lilongwe ukukula mothamanga, ndipo nyumba iliyonse yolumikizidwa ku mipope ya zonyansa ikuwonjezera katundu wa mtsinje. Sukulu ya zaulimi ya Bunda ili pafupi ndi Mitundu pomwepa, ndipo ili ndi akatswiri a nthaka oti angayeze matope oterewa m'minda ya alimi oyandikana nayo. Pokonza mapulani okuzira malo oyeretsera madzi a mumzindawu, akuluakulu a khonsolo ndi a Lilongwe Water Board awaitane akatswiriwa, makina asanagulidwe.